Apongozi Anga M'khoma

Ine ku Joni sindinapite chifukwa chokonda ulendo. Ndinapita chifukwa munda umene ndinkalima kuchikamwini, kwa Kaduya, unali utatopa. Chidutsireni madzi a napolo aja, dothi labwino linapita, n'kutisiyira mchenga ndi miyala yoti ngakhale chinangwa chinkamera monyinyirika. Matipati atabwera, mapasipoti anayamba kutuluka mosavuta, ndipo anyamata a ku Migowi ankabwera pa Khirisimasi atasenza mawailesi aakulu ngati mabokosi a maliro. Mkazi wanga Esinati maso ake ankaperekeza mawailesiwo mpaka akhote. Ndinagulitsa njinga ndi mbuzi, n'kukwera basi.

Za m'njira sindinena zambiri. Aliyense amene anadutsa pa Tete ndi m'Zimbabwe amadziwa kutupa kwa mapazi, ndiponso kuti pa chipata chilichonse pali dzanja lotambasula. Amene anandilandira ndi Juliyasi, mnzanga wa ku Migowi amene tinkaumba naye njerwa tili anyamata. Ankakhala m'kachisakasa ka malata kuseri kwa nyumba ya mayi wina, ndipo anandipatsa ngodya imodzi ndi bulangete lonunkha palafini. Ndinadabwa kuti munthu amene kumudzi tinkamuti bwana ankagona malo oti nkhuku za apongozi anga zikanakana.

Koma kudabwa kwenikweni kunali kuntchito. Juliyasi ananditengera kumene ankamanga nyumba za anthu olemera, m'kati mwa mpanda wamagetsi. Kunja nyumbazo zinali za njerwa ndithu. Nditalowa m'kati ndinangoti kukamwa yasa. Zipinda zonse ankazigawa ndi tizitsulo topyapyala, n'kukhomapo mabodi mbali iyi ndi mbali inayo, pakati n'kusiya mphako. Bodi lakelo ndi choko chopanikizidwa pakati pa mapepala awiri, basi. Ndinagogoda ndi chala, khoma linayankha ngati ng'oma ya tchopa.

“Juliyasi, anthu amenewa adzagona m'makatoni?”

“Iwe, tseka pakamwa. Katoni ameneyu mtengo wake ungagule mudzi wanu wonse ndi agalu omwe.”

Ine munthu woti ndinaona madzi akunyamula nyumba za njerwa zootcha, ndinkaona ngati anthu akusewera masanje. Koma masanje akewo ndi amene anandidyetsa zaka zambiri.

Ntchito yathu inali yobisa. Okhoma mabodi akachoka, ankatisiyira makoma odzaza mizere ndi mitu ya misomali yopota, ndipo ife tinkayenera kuwasandutsa khoma limodzi losaoneka polumikiza. Choyamba umayendetsa mpeni wopakira pakhoma ponse. Ukamva kuti khwe, ndiye kuti msomali watulutsa mutu, uubweze m'kati pang'ono koma osang'amba pepala. Kenako umakanda sikimu, ufa woyera uja, m'ndowa yotsuka bwino, mpaka akhale ngati phala la mwana lopanda mibulu. Umapaka pamzere, n'kuika tepi, n'kuikanikiza kuti pansi pake pasatsale mpweya, chifukwa tepi ikagona pouma imatukuka ngati thuza penti ikangoikhudza. Ukatero udikire ziume. Kupaka kwachiwiri umatambasula, kwachitatu umatambasulanso koposa, m'mbali mukunka mupyapyala mpaka osadziwika pamene sikimu wathera. Liwiro lilibe phindu pantchito imeneyi. Ukapaka pachinyezi, mawa upeza ming'alu ikukusekerera.

Ndiye kumabwera kupala ndi sandipepa, ntchito imene ndinkadana nayo ndi mtima wanga wonse. Fumbi lake limalowa m'maso, m'makutu, ngakhale m'malo oti sindingatchule. Tinkaweruka titayera ngati tagwa m'chigayo. Bwana wathu, mzungu wamfupi wosadziwa kuseka, ankabwera ndi nyali masana dzuwa likuswa mtengo, n'kuigoneka chammbali pakhoma. Kuwala kukayenda chotero, kabampu kalikonse kamaulula mthunzi wake. Iye ankangozunguliza ndi pensulo osalankhula, ife mitima ili m'mwamba. Akakhutira, tinkapukuta fumbi lonse ndi nsanza yonyowa, n'kupaka andakoti, penti woyamba uja, kuti pepala ndi sikimu zidzamwe penti mofanana. Makoma ena eni nyumba ankawafuna okhakhala, ndiye tinkawaza sikimu wamadzimadzi n'kuphwatitsa timibulu take ndi mpeni. Apa ndiye mutu unkandizungulira. Sabata yathunthu kusalaza khoma, kenako mwini wake akuti likhale ngati msana wa chule! Olemera ali ndi matenda awoawo.

Dzanja langa linazolowera msanga. Patapita nthawi Juliyasi anasamukira kwa bwana wina kutali, tinkangokumana kuchisakasa, ndipo ine ndinatsala wamkulu wa osikima. Zimene ndinkatumiza kumudzi zinafolera nyumba ndi malata, mwana wathu Joyisi n'kuyamba sukulu atavala nsapato. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Chaka cha njala ija, anthu kwathu akukumba zitsa za nthochi, ndikuweruka tsiku lina ndinapeza mkulu atakhala pa chidebe pakhomo pathu. Jekete lakuda, chipewa pabondo, kathumba ka makaka pambali. Ndinayang'ana kawiri. Anali apongozi anga aamuna, a Makwinja, bambo ake a Esinati.

“Mwaswera bwanji, bambo a Joyisi?” anatero, ngati takumana pamsika wa Migowi.

Ndinagwada pafumbi pomwepo. “Ababa, mwafika bwanji kuno? Kwagwanji kumudzi?”

“Kwagwa njala, simunamve? Ine Joniyu ndinamudziwa inu musanabadwe, ndinalowa pansi pa nthaka yake kukumba miyala. Ndati m'malo mokhala kukamwa yasa ngati mwana wa mbalame kudikira thumba la mkamwini, ndikagwireko nanenso. Manjawa akadalipo.”

Amene si wakwathu sangamvetse kukula kwa vutoli. Kwathu mkamwini sadyera mbale imodzi ndi apongozi, sagona nawo nyumba imodzi, savula malaya iwo akuona. Apongozi aakazi ndiye ndinali ndisanawayang'anepo kumaso chikwatirireni mwana wawo. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire, moni n'kumaponyerana chakutali. Tsono lero apongozi aamuna ali m'kachisakasa koti ukatembenuka umagunda mnzako. Juliyasi anaseka mpaka misozi, kenako anabweretsa zidutswa za mabodi n'kutigawira kachipindako pakati. Ulemu unabwerera pang'ono, ngakhale kuti bodi silibisa mkonono wa munthu.

Ndinawatenga kuntchito kuti azindikandira sikimu ndi kupukuta fumbi. Bwana anangowayang'ana, n'kukweza mapewa. Ankagwira mwakachetechete, akung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi, pakuti kumudzi anali mkulu wa mpingo. Poyamba nawonso makomawo anawaseka. “Izi ku mgodi tikanati mapepala ophimbira buledi,” anatero. Koma ataona ntchito imene imalowapo, anayamba kuwalemekeza. Khoma tikalimaliza ankalidutsa chapatali, manja kumbuyo, ngati pagona khanda. Masana tinkadya motembenukirana misana, iwo ngodya iyo, ine ngodya iyi, anzathu a ku Mozambiki ndi ku Zimbabwe n'kumafunsa ngati tinayambana. Loweruka madzulo ankaphika makaka aja, n'kumatiuza kuti kalongonda wa kwathu akanapezeka kuno, mzungu akanasiya buledi.

Chimene chinkatisowetsa mtendere ndi apolisi. Ankatulukira mwadzidzidzi pamalo omanga kusaka ife amene ankatitcha makwerekwere. Ine ndinali ndi chipepala chabodza chondiloleza kukhala m'dzikomo, chimene ndinagula kwa munthu wina, ndipo chinali chitandipulumutsapo kangapo. Apongozi analibe kanthu, masiku a m'pasipoti mwawo anali atatha kalekale. Anyamata akamva mluzu wochenjezana ankalumpha mpanda, koma mawondo a mkuluyo anali atasiya kalekale zothamanga.

“Bambo a Joyisi,” anandiuza tsiku lina, “kufa sindiopa. Koma mkulu wa mpingo kukatsitsidwa kwathu atamangidwa unyolo ngati wakuba mbuzi, chimenecho ayi. Mundibise kulikonse.”

Nyumba imene tinkamaliza nthawi imeneyo inali yosanja, ndipo pansi pa masitepe panali mphako yaikulu imene inkayenera kutsekedwa ndi mabodi. Munthu ankatha kukhalamo pansi n'kutambasula miyendo, mpweya n'kumalowa m'timipata ta matabwa a masitepewo. Bodi lomaliza ndinalisiya dala logwira ndi misomali yowerengeka. M'menemo tinkasungamo chikwama changa, chigubu cha madzi ndi buledi. Palibe wina ankadziwa kuti ndi pobisalira, ngakhale Juliyasi sindinamuuze, poti pakamwa pake panalibe chitseko. Ulendo woyamba zinayenda. Apolisi anazungulira, n'kupita, ine n'kumasula bodi, mkuluyo n'kutuluka akudzikuntha fumbi.

“Muli bwino kuposa kuchisakasa kwanu kuja,” anatero, tonse n'kuseka.

Ulendo wachiwiri unali Lachinayi loti mawa lake Pasaka ayamba. Bwana anali atachoka kale m'mawa. Makoma onse apansi ndinali nditawapaka kachiwiri, kutsala bodi lija lokha. Chakumasana mluzu unalira kuchokera padenga. Anyamata anangoti balala. Ndinakankhira apongozi m'mphako, n'kukhoma bodi msangamsanga. Nditabwerera m'mbuyo ndinaona kuti layipa. Nyumba yonse yoyera, bodi limodzi lokha mizere ili poyera, misomali ikunyezimira, ngati likuitana munthu kuti bwera undione. Ndinatapa sikimu, kuika tepi, kupaka, manja akuthamanga okha.

“Ababa,” ndinanong'ona pakhomapo, “musatuluke, musatsokomole, mpaka ndigogode ine.”

“Ndamva,” anayankha m'katimo.

Apolisi anandipeza mpeni uli m'manja, ndikusalaza mzere ngati munthu wosadziwa kanthu. Ndinapereka chipepala changa ndikumwetulira. Wamkulu wawo anachiyang'anitsa kudzuwa, anandikwinyira malaya n'kuona chipsera cha katemera pamkono chimene amazindikirira nacho munthu wakunja, kenako anang'amba chipepalacho pakati. Wina anatsamira khoma lomwe lija pomanga chingwe cha nsapato, sikimu wamuwisi n'kumumata pa yunifolomu, iye n'kutukwana. Apongozi anali kuseri kwa msana wake, kutalikirana kwake ngati kukhuthala kwa chala. Sanatsokomole.

Ndinakwera galimoto lawo osaulula za mkuluyo. Mumtima ndinkati izi n'zazing'ono, ndikawapatsa ya kokakola, dzuwa lisanalowe ndikhala nditabwerera. Tili m'njira ndinapisa m'thumba. Munali sandipepa yekha. Chikwama, ndalama, nambala za mafoni, zonse zinali m'khoma pamodzi ndi mkuluyo.

Titafika kupolisi m'pamene mutu unatseguka bwino. Pasaka! Malo omanga onse amatsekedwa mpaka sabata inayo. Bwana kulibe, anyamata athawa, mlonda ali kuchipata kutali ndi nyumbayo. Ndinaona kuti kwa mkuluyo unyolo uli bwino kusiyana ndi bokosi la maliro, ndipo ndinayamba kumenya chitseko. Atabwera wapolisi ndinamufotokozera m'Chizulu changa chothyokathyoka, ndikuthandizira ndi manja, kuti kunyumba kuja kwatsala munthu wamkulu m'kati mwa khoma, apongozi anga, ndawatsekera ndine.

Anandiyang'ana, n'kuitana anzake kuti adzamve nawo. “Akuti apongozi ake ali m'khoma! Iwe, anga ali m'manda koma sindimenya zitseko.”

Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Wina anati makwerekwere onse amakhala ndi nthano yoti awabwezere kumene anawagwira kuti akathawe. Ndinagwada, ndinalira, ndinalumbira pa dzina la mayi anga. Chimene ndinapeza ndi khofi la kukhutu. Mpaka lero ndikakumbukira kuseka kumene kuja, mtima umandiwira.

Anatisamutsira kumsasa waukulu kumene amasunga anthu odikira kubwezedwa kwawo. Kumeneko ndinauza aliyense wovala yunifolomu, mpaka anayamba kunditcha wamisala wa khoma. Foni inalipo, koma yofuna khadi, ndipo ngakhale khadi likanapezeka, ndikanayimbira yani wopanda nambala? Mkulu wina wa ku Mulanje amene tinkagona moyandikana anayesa kundikhazika mtima pansi.

“Achimwene, inu nomwe mukuti bodilo ndi bisiketi. Njala ikawawawa adzaliponda kamodzi n'kutuluka. Pano ali kuchisakasa akumwa tiyi, inu mukuonda ndi maganizo.”

Zinali zoona. Mwana wa sukulu akhoza kuboola bodi ndi chidendene. Ndinkadziuza zimenezo m'mawa uliwonse, ndipo pofika masana ndinkakhala nditasiya kuzikhulupirira. Ndikamwa madzi ndinkaona chigubu chija, n'kumadzifunsa kuti chinali chodzaza kapena chatheka.

Masabata anadutsa. Tsiku lina anatiitana maina, kutikweza, n'kukatitula ku Blantyre ngati matumba a chimanga chofumbwa. Ndinafika pa Migowi ndi malaya omwe aja a sikimu, opanda wailesi, opanda ngakhale siwiti ya mwana. Njira ya kwa Kaduya ndinayenda wapansi, ndipo m'mtima ndinkapempha kuti italike.

Nyumba yanga ya malata ndinaiona koyamba tsiku limenelo. Pakhonde panali kamtsikana kakusenda nandolo, kanandiyang'ana ngati ndine wogula mbuzi, n'kuthamangira m'nyumba. Anali Joyisi. Esinati anatuluka, anaima, anayang'ana manja anga opanda kanthu, kenako anayang'ana kumbuyo kwanga.

“Ababa ali kuti?”

“Sanafike kuno?” ndinafunsa mopusa, ngati akanatha kunditsogolera.

Mbiri inali itafika kale kwa apongozi aakazi kuti mkamwini wabwera. Monga mwa mwambo, anadzakhala kuseri kwa nkhokwe, ine pakhonde, Esinati pakati kunyamula mawu. Anafunsa za ulendo, ndinayankha. Anafunsa za amuna awo. Ndinafotokoza zonse, kuyambira mluzu mpaka tepi, maso ali pansi. Esinati sananyamule mawu amenewo. Panalibe chifukwa, anali atamveka okha.

Kenako ndinamva mapazi. Mayi amene kwa zaka zonsezo ankandithawira kutchire anatuluka kuseri kwa nkhokwe, anabwera mpaka pamene ndinakhala, n'kundigwira malaya pachifuwa. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo pafupi. Anali ndi maso a Esinati.

“Mwati mwawamata? Amuna anga mwawamata m'chipupa ngati chiswe? Ndiyang'aneni! Munawasiyira chiyani choti adye?”

“Buledi, amama. Ndi madzi.”

“Buledi!”

Anandisiya n'kugwa pansi, kulira kwa maliro n'kuyambika. Anthu anathamanga kuchokera m'nyumba zonse. Ena ankati nkhaniyo ndi yabodza, khoma silingalowe munthu, mkamwiniyu wakhwimira apongozi ake kuti alemere. Ndinayesa kufotokoza za mphako ndi mabodi, koma anthu oti moyo wawo wonse aona njerwa ndi dothi ankangogwedeza mitu. Sindikuwada. Inenso ndikanakhala kuti sindinapiteko, sindikanakhulupirira.

M'mawa mwake ndinapita ndi Esinati ku Migowi kwa mayi ake a Juliyasi, amene ankasunga nambala ya kagolosale koyandikana ndi chisakasa chathu. Tinalowa m'kanyumba koyimbira mafoni, tinayimba, anakamuitana, tinayimbanso. Nditamva mawu ake ndinalephera ndi moni womwe.

“Juliyasi, mkulu uja ali kumeneko?”

“Mkulu uti? A Makwinja? Iwe, si anakugwirani limodzi? Ine ndimati muli nonse kumudziko. Jekete lawo lili pano pamsomali.”

Foni inandipulumuka. Esinati anaitola, ndipo ndi iye amene anamuuza Juliyasi za masitepe, mawu ake osanjenjemera ngakhale pang'ono. Potuluka sanandiyang'ane. Anatsogola, ine pambuyo, njira yonse osalankhulana.

Masiku odikira yankho anali oipa kuposa a kumsasa. Abale a Esinati ankadutsa pakhomo panga osapereka moni. Chakudya ankandiikira ndithu, koma Joyisi ankachitula chapatali n'kuthawa. Tsiku lililonse ndinkapita ku Migowi kukakhala panja pa kanyumba ka mafoni kaja, mpaka mwini wake anayamba kundibwereka mpando.

Juliyasi atayimba anati anapita kunyumba ija. Anaipeza itatha, makatani ali m'mawindo, galimoto pabwalo, ana akusewera. Sanamulole kulowa. Koma mlonda wa kuchipata anamuuza kuti inde, Pasaka atatha bwana analemba anthu ena kuti amalize ntchito. Anthuwo anapaka khoma la pansi pa masitepe komaliza, analipala, analipaka andakoti ndi penti. Kenako wamagetsi, poboola bodi kuti aike soketi, anamva fungo, n'kusuzumira ndi tochi, n'kuona maso a munthu akuphethira. Akuti anathawa mpaka kumsewu akukuwa. Ambulansi inabwera n'kumutenga munthuyo. Ngati anafika wamoyo kuchipatala, mlondayo sankadziwa.

“Analipala iwo ali momwemo?” ndinafunsa. “Anapaka penti iwo ali momwemo? Osagogoda? Osakuwa?”

“Ndi zimene akunena, achimwene. Inenso mutu sukugwira.”

Juliyasi ndi munthu. Anasiya ntchito n'kumayenda chipatala ndi chipatala, kufunsa za nkhalamba yopanda mapepala imene inatuluka m'khoma. Kumene anakawapeza, anamwino onse ankaidziwa nkhaniyo. Anali moyo. Impso zinali zitavulala chifukwa chosowa madzi, miyendo itauma chifukwa chokhala malo amodzi, koma anali moyo. Nditamva, ndinakhala pansi pafumbi pakati pa msika wa Migowi n'kulira ngati mwana, amayi ogulitsa tomato akundizungulira.

Amene anabwera nawo kumudzi ndi Juliyasi yemweyo, nandolo atayamba kuuma m'minda. Kuchokera pa Migowi tinawakweza pa njinga, wina kugwira uku, wina uku. Munthu amene anapita ndi mapazi ake anabwera wopepuka ngati mtolo wa mapesi, jekete lija likulendewera m'mapewa. Mudzi wonse unasonkhana. Amene ankati ndakhwima anabwera nawonso, osachita ndi manyazi omwe. Apongozi aakazi anawasambitsa, n'kuwagoneka pamphasa pakhonde, chifukwa m'nyumba anakana kulowa. Kuyambira pamenepo mpaka tsiku limene anatisiya, mvula yotsatira isanathe, sanalolenso kuti chitseko chitsekedwe iwo ali m'kati.

Anthu atabalalika ananditumizira Joyisi kuti ndibwere. Ndinakhala pansi chapatali monga kale, koma anakodola ndi dzanja kuti ndisendere. Ndinali nditakonza mawu ambiri opepesa. Onse anathawa, n'kutsala funso limene linkandidya kuyambira kumsasa.

“Ababa, bwanji simunaswe khoma lija? Mukudziwa inu nomwe kuti ndi pepala. Chidendene chimodzi basi.”

Anapuma movutikira.

“Ndinaganizapo,” anatero. “Madzi atatha ndinaika phazi pabodipo. Koma ndinati, bwana uja ndi nyali yake akadzapeza chibowo pakhoma lomaliza, adzafunsa kuti wachita ndani. Adzadziwa kuti munabisa munthu m'nyumba ya eni ake. Ntchito yanu ithera pomwepo. Nanga Esinati ndi mwanayu adzadya chiyani, njala imeneyi? Ndinabweza phazi.”

“Koma anthu atabwera, ababa? Munawamva akupala. Bwanji simunagogode?”

“Ndinamva, eya. Sandipepa akuyenda pafupi ndi khutu langa, pang'onopang'ono, mosathamanga. Ndinati ameneyu ndi mkamwini wanga, wabwera. Akumalizitsa kaye poti bwana waima pompo, akachoka anditsegulira.” Anandiyang'ana, m'maso mopanda mkwiyo ngakhale pang'ono. “Nanga ntchitoyo anakusungirani?”

Juliyasi, pofuna kuwasunga mtima, anali atangowauza kuti ndinatsogola kumudzi, osawauza kuti ndinapita bwanji. Esinati, amene anaima pakhomo ndi beseni m'manja, anandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono kuti ndisanene.

“Anandisungira, ababa,” ndinatero.

“Basi, zili bwino,” anatero, n'kutseka maso. “Ndiye kuti sindinakhalemo pachabe.”